Nyali za galimoto zikachita chikasu: kutsuka, kupala, kupopera, kapena kugula zina?

Pamakhala usiku wina umene woyendetsa galimoto amadabwa kuti maso ake atani. Msewu ndi womwewo, liwiro ndi lomwelo, koma munthu woyenda m'mbali mwa msewu akuonekera pafupi zedi, dzenje likutulukira tayala litatsala pang'ono kugweramo. Ambiri amathamangira mababu atsopano, ena amaika owala kwambiri, koma mdima sukuchoka. Kukacha, kayang'aneni nyalizo. Mupeza zachita chikasu, pamwamba pake pali mbuu, ndipo mukayendetsapo chala mumva kukhakhala ngati khoma losapaka pulasitala wosalala.

Timangoti galasi la nyali, koma pa magalimoto ambiri a masiku ano si galasi ayi. Ndi pulasitiki yotchedwa polycarbonate, imene inatulukiridwa mu 1953 ndi anthu awiri osagwirira ntchito pamodzi, Hermann Schnell wa kampani ya Bayer ku Germany ndi Daniel Fox wa General Electric ku America. Ku America lamulo linaloleza nyali zoumbidwa motsatira thupi la galimoto mu 1983, galimoto ya Lincoln Mark VII ya 1984 n'kukhala yoyamba kutuluka nazo kumeneko, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pulasitiki inali italanda malo a galasi pafupifupi paliponse. Zifukwa zake n'zomveka: ndi yopepuka, imaumbika mmene wopanga akufunira, ndipo mwala ukaigunda siphwanyika wamba. Koma ili ndi zofooka ziwiri. Imakandika msanga, komanso imaopa cheza cha dzuwa cha UV. N'chifukwa chake kufakitale amaikuta ndi kachikopa kolimba, koonekera, kopyapyala kuposa tsitsi, kuti kazilandira dzuwa, mchenga ndi mankhwala otsukira m'malo mwa pulasitikiyo.

Chikasu chimene mukuonacho ndi kachikopa kameneka katafa, pamodzi ndi pulasitiki yapamwamba imene dzuwa layamba kuidya. Si litsiro. Mukagwira mfundo imeneyi, kusankha njira sikuvutanso, chifukwa njira iliyonse muifunsa mafunso awiri okha: kodi ikuchotsa chikopa chakufacho chonse, nanga ikuikapo chiyani m'malo mwake? Njira zambiri zotchuka zimayankha funso loyamba mwatheka, lachiwiri osaliyankha n'komwe.

Ndipo nkhaniyi si ya kukongola kwa galimoto chabe. Bungwe la oyendetsa magalimoto la ku America lotchedwa AAA linayeza nyali zakale zotere mu 2018, n'kupeza kuti zinkatulutsa 22 peresenti yokha ya kuwala kwa nyali zatsopano. Ganizirani, kuwala koposa magawo atatu mwa anayi kukuthera m'chikasumo. Kwina kumamwazika n'kumathobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo, inu msewu osauona.

Musanagule kalikonse, thirani madzi pa nyaliyo. Ikayera n'kuoneka mkati bwinobwino pamene ili yonyowa, kenako n'kubwerera mbuu ikauma, vuto lili kunja ndipo mungathe kulikonza pakhomo. Ngati madzi sakusintha kanthu, yang'anitsitsani: timadontho ta madzi mkati, fumbi loyera kumkati kwa pulasitiki, kapena timing'alu tambirimbiri tolowa pansi tonyezimira dzuwa likawomba chammbali. Zimenezo sandipepa sangazifike, ndipo ndizikambanso kumapeto.

Njira za m'nyumba

Mankhwala otsukira mano ndiwo amayamba kubwera m'maganizo a anthu, ndipo si bodza kuti amathandiza. Muli timchenga tosalala kwambiri ta silica tochotsera litsiro m'mano, ndiye mukakwecha nawo nyali kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, amayalula pang'ono pamwamba pa chikasucho. Soda wophikira wosakaniza ndi madzi amachita zofanana. Nyali imene yangoyamba kumene kutuwa imaoneka bwino ndithu. Ine ndinayambira pomwepa, ndipo madzulo a tsiku limenelo ndinasangalala kuona msewu ukuwala kuposa dzulo lake. Patangotha milungu ingapo chikasu chinabwerera. Timchengato n'tofewa kwambiri moti sitingachotse chikopa chonse, ndipo palibe chilichonse choteteza chimene chimatsalapo. Ngati mawa muli ndi ulendo wa usiku ndipo mulibe china, tsukani nawo, kuwala pang'ono kowonjezereka n'kwaphindu. Koma musawerengere kuti mwakonza.

Mafuta opopera ngati WD-40, kapena mafuta ena alionse, amapusitsa maso. Amalowa m'timikwingwirima n'kuchititsa kuti pamwamba pakhale posalala, chimodzimodzi madzi aja munayezera. Palibe chimene achotsa. Mvula ikagwa kamodzi kapena kawiri apita, ndipo asanapite amagwira fumbi.

Imene ndikukupemphani kuti musayese n'komwe ndi ya mankhwala opopera pakhungu othamangitsa udzudzu, aja okhala ndi DEET. Mavidiyo ake ali mbwee pa intaneti: munthu apopera, apukuta, nyali ngwee nthawi yomweyo. Chimene chikuchitika n'choti DEET amasungunula pulasitiki. Pamwamba pamafewa, pamanata, ndipo pakapita masiku pamachita chifunga choipa kuposa poyamba. Akayenderera amawononganso penti ndi mphira wozungulira nyali. Thina ndi acetone (mankhwala osungunulira penti) wopaka ndi nsanza nazonso n'chimodzimodzi, polycarbonate imachita timing'alu ikakumana nazo.

Polishi payekha

Apa tafika pa zinthu zopangidwira ntchitoyi. Polishi wa pulasitiki, kapena compound amene opopera magalimoto amasalazira penti, ali ndi mphamvu kuposa mankhwala a mano. Nyali ikakhala kuti yangotuwa koma chikopa chake sichinayambe kusupuka, polishi amakwana, ndipo ubwino wake ndi woti amasiya mbali ina ya chikopa cha kufakitale. Chikopa chimenecho palibe chogula m'chitini chimene chimachiposa, choncho ngati chikadali chamoyo musachipale.

Mukamagwiritsa ntchito makina, kaya obowolera omangirira siponji kaya opolishira enieni, chenjerani ndi kutentha. Pulasitiki sitaya kutentha ngati chitsulo. Mukaimitsa siponji malo amodzi ikuzungulira mwamphamvu, pamapsa n'kusiya chipsera chopindika chimene chimafuna kupala mozama kuti chichoke. Yendetsani dzanja osaima, ndipo muzikhudza nyaliyo ndi kuseri kwa chala. Ikafunda, pumulani.

Koma nyali ikafika poti chikasu chakhwima, pena pali zigamba zooneka ngati mapu pamene chikopa chinasupuka, polishi amangowalitsa zigambazo osazichotsa.

Kupala ndi sandipepa wam'madzi

Iyi ndiyo njira yokhayo yapakhomo imene imayankha funso loyamba mokwanira, ndipo ndi imene anthu amaiopa kwambiri, chifukwa pakati pa ntchito nyali imaoneka ngati yawonongekeratu.

Tsukani nyali ndi sopo, iume, kenako matani masking tape mozungulira, kawiri kapena katatu, pa penti ndi pa mphira. Musaumire tepi. Sandipepa akaphonya kamodzi kokha n'kukhudza penti, mwayambitsa ntchito ina. Tsegulani boneti kuti m'mphepete mwakumwamba mufikemo bwino, poti n'kumene dzuwa limawomba kwambiri ndipo chikasu chimayambira komweko. Nyikani mapepalawo m'madzi kwa mphindi zingapo, ndipo mukhale ndi botolo lopopera madzi pafupi.

Nambala ya sandipepa ikakhala yaying'ono, ndiye kuti ndi wokhakhala. Nyali yowonongeka kwambiri yambani ndi 400 kapena 600, yapakatikati 800. Palani mopita mbali imodzi, mwachitsanzo chopingasa, osati mozungulira, madzi asaume. Tsopano yang'anani madzi amene akutsika. Poyamba amakhala achikasu ngati tiyi wosuluka. Chimenecho ndicho chikopa chakufa chikuchoka. Pitirizani mpaka madziwo asanduke oyera ngati mkaka. Mukapukuta n'kuumitsa, nyali yonse iyenera kukhala yoyera mbuu mofanana, popanda kachilumba konyezimira kapena mzere wosonyeza malire a chikopa chakale. Apa ndi pamene ntchito yonse imapindulira kapena kulepherera. Anthu amatopa, mkono wawawa, n'kusamukira ku pepala losalala kachigamba kakale kakadalipo. Pepala la 2000 silingachotse chimene la 600 lasiya. Chidzaonekera pansi pa chilichonse chimene mudzapakepo.

Mukakhutira, pitani ku 800, kenako 1000, 1500, 2000, mpaka 3000 ngati alipo. Nthawi iliyonse mukasintha pepala, sinthaninso mbali: ngati munapala chopingasa, tsopano palani chotsika. Potero mumaona ndi maso kuti mizere ya pepala lapita yatha, chifukwa ikatsala imadutsana ndi yatsopano. Musadumphe kuchoka pa 600 kufika pa 2000, mudzangotaya nthawi ndipo mizere yakuya idzatsalabe. Pofika pa 3000 mbuu uja amakhala atapepuka moti babu likuoneka mkati, ndipo polishi akadutsapo nyali imayera ngati madzi a pakasupe. Nyali imodzi, pamanja, iwerengereni ola lathunthu. Musaifulumizitse.

Pamenepa m'pamene ndinalakwitsa ulendo wachiwiri, ndipo cholakwa chake ndimachiona kwa anthu ambiri. Ndinapala bwino, ndinapolisha, nyali zinaoneka ngati zatsopano, ndipo ndinalekera pomwepo. Miyezi ingapo itadutsa zinali zachikasu kuposa kale. Ndinali nditachotsa chitetezo chonse n'kusiya pulasitiki yamaliseche padzuwa. Kupala kopanda chokutira n'kuifulumizitsa imfa nyaliyo.

Chokutira: apa m'pamene njira zimasiyanirana kwenikweni

Phula lopolishira galimoto ndi mankhwala ena opaka pa penti amateteza, koma kwa milungu kapena miyezi yochepa. Munthu wosamala, amene angakumbukire kupakanso nthawi iliyonse akatsuka galimoto, akhoza kukhala nazo. Ambirife timaiwala.

Mapaketi okonzera nyali, a makampani ngati 3M, Sylvania, Meguiar's, Turtle Wax ndi Cerakote, ndiwo njira yapakati, ndipo kwa munthu amene akuchita izi koyamba ndi imene ndingamulangize. Koma werengani zimene zili mkati musanagule. Ena ali ndi sandipepa ndi polishi basi, ena ali ndi kansalu konyowa kapena kabotolo ka mankhwala otchinga UV opaka pomaliza. Gulani okhala ndi chokutira. Popaka, nyali ikhale youma gwaa ndi yopukutidwa ndi sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol kuti pasatsale mafuta a polishi kapena a zala. Kokani kansaluko kuchoka mbali ina kufika ina, mzere uliwonse ukuphimba pang'ono unzake, ndipo musabwererenso pamene mwadutsa, ngakhale muone ngati pasiyidwa kamzere. Mankhwalawo amadzisalaza okha, mukawabwereza amachita mikwingwirima. Galimoto isanyowe kufikira nthawi imene yalembedwa papaketi itakwana. Chokutira chotere n'chopyapyala, choncho muyembekezere kuti patapita chaka kapena ziwiri mudzapakanso. Ubwino wake, ulendo wachiwiriwo supweteka, poti chikopa cholimba cha kufakitale chinachoka kale.

Vanishi wa matabwa ndi clear (penti yoonekera, yopanda mtundu) wamba wa m'chitini, uja woti mumangogwedeza n'kupopera, amaoneka bwino tsiku loyamba. Ambiri a iwo dzuwa ndi kutentha kwa babu zimawasandutsa achikasu kapena kuwasupula, ndiye mumapalanso, ulendo uno mukuchotsa zimene munaika nokha.

Chokhalitsa kuposa zonse zopopera ndi clear wa 2K, yemweyo amene amakutira penti ya galimoto. Ndi mankhwala awiri amene amalimba akasakanizana. Alipo wa m'chitini, chokhala ndi batani kunsi: mukalidina, cholimbitsira chimatsegukira mkati, ndipo kuyambira pamenepo muli ndi masiku pafupifupi awiri chitini chisanaume chokha. Akagwira bwino amatha zaka zingapo. Kakonzedwe kake n'kosiyana ndi kamene ndafotokoza pamwambapa, ndipo anthu amasokoneza apa. Simupolisha. Mumalekera pa 600 kapena 800, nyali ili mbuu choncho, kuti clear apeze pogwira. Iyeyo ndi amene amadzaza mizereyo, ndipo mumaona nyali ikuyera pamaso panu pamene akugwerapo. Mukapopera pa nyali yopolishidwa see, amadzasupuka ngati khungu la njoka. Koti yoyamba ikhale yopepuka kwambiri, chifukwa zosungunulira za mu clear zikachuluka pa polycarbonate yosakutidwa zimatha kuing'alula. Dikirani mphindi zimene zalembedwa pachitini, kenako makoti awiri onyowa bwino. Mukapopera pafupi kwambiri amayenderera, mukatalikira amachita timatuza ngati khungu la lalanje, ndipo timatuzato timamwaza kuwala. Nyali mukaichotsa pa galimoto ntchito imakhala yaukhondo, apo ayi phimbani kutsogolo konse, poti utsi wake umagwera patali.

Chimene chimandichititsa kuti ndisalangize 2K kwa aliyense ndi mapapo. Cholimbitsira chake chili ndi isocyanate, mankhwala odziwika kuti amayambitsa mphumu kwa opopera magalimoto, ndipo thupi likayamba kudana nawo silibwerera mwakale. Kansalu kotseka pakamwa kapena chigoba cha fumbi sizithandiza. Pamafunika chigoba chenicheni cha opopera penti chokhala ndi zosefera, magolovesi, zoteteza maso, malo opita mphepo, ana ndi ziweto ali kutali. Ngati mulibe zimenezi, palani nokha nyalizo mpaka 800 n'kuzipereka kwa wopopera magalimoto kuti athirepo clear. Ntchito yotopetsa mwaigwira kale, iye yake ndi ya mphindi zochepa.

Palinso pulasitiki yomata yoonekera, ya polyurethane, imene amamata pa penti kuteteza ku timiyala. Pa nyali yopalidwa n'kupolishidwa bwino imatchinga dzuwa ndi timiyala tomwe, chinthu chimene zopaka sizikwanitsa, ndipo ikakalamba mumaimatula n'kumata ina osapalanso. Vuto lake ndi kamatidwe. Nyali zamakono n'zokhotakhota, ndipo dzanja losazolowera limasiya makwinya ndi thovu m'makona. Yakuda kapena yamtundu ipeweni, mukubwezanso mdima umene mumathawa.

Ya nthunzi ija

Pali njira ina imene yatchuka chifukwa imakoma kuonera: kapu yachitsulo yotenthetsa ndi magetsi, yokhala ndi kamlomo, muthiramo mankhwala, nthunzi yake n'kumaiyendetsa pa nyali yopalidwa kale, ndipo mbuu amasungunuka kutsatira kamlomoko. Imagwiradi ntchito, chifukwa nthunziyo imasungunula pamwamba penipeni pa pulasitiki n'kutseka mizere ya sandipepa. Koma onani bwino chimene yalowa m'malo mwake: polishi yekha. Kupala kulipobe, ndipo funso la chokutira likadali poyera. Mankhwala ake kawirikawiri amakhala acetone, amene amayaka msanga, kapena dichloromethane, amene ndi oopsa kupuma moti ku America analetsa kugulitsa kwa anthu wamba mankhwala ochotsera penti okhala nawo mu 2019. Kuwiritsa zinthu zotere nkhope ili pafupi, pofuna kupulumutsa mphindi 15 za kupolisha, ine sindikuonapo phindu. Mukachedwetsanso dzanja malo amodzi, pulasitiki imayenderera kapena kuchita timing'alu.

Pamene kukonza sikungathandize

Kafukufuku wa AAA uja anapezanso kuti nyali zokonzedwa, kaya pakhomo kaya kwa akatswiri, zinabwerera pafupifupi pa 70 peresenti ya kuwala kwa zatsopano. Zatsopano za kampani yopanga galimotoyo zinabweza kuwala konse, ndipo za makampani ena zinali pakati pa 83 ndi 90 peresenti. Kuchoka pa 22 kufika pa 70 ndi kusintha kwakukulu, koposa katatu, pa mtengo wa mapepala ochepa ndi tsiku limodzi. Komabe manambalawa akutikumbutsa kuti nyali imakalambanso mkati. Chonyezimira cha kumbuyo kwa babu chimapsa n'kuzilala, makamaka ngati munaikamo mababu otentha kuposa amene anayenera.

Choncho ngati timing'alu talowa pansi, ngati chonyezimira chada kapena chikusupuka, ngati madzi amaima mkati, gulani ina. Kachifunga kochepa kamkati kamene kamabwera m'mawa kozizira n'kutha nyali zikayaka si vuto, nyali zili ndi timabowo topumira kumbuyo, onetsetsani chabe kuti sitinatsekeke. Koma madontho akuluakulu akusonyeza kuti phula lomatira pulasitiki yakutsogolo lalekana kapena chivindikiro cha kumbuyo sichikutseka. Nyali zina zimatheka kuzifunditsa, kuzitsegula n'kusintha pulasitiki yakutsogolo yokha, zina anazimata ndi guluu wosafewa ndi kutentha, ndipo kuzikakamiza n'kuziswa. Pogula ina, onetsetsani kuti ndi ya mbali imene mumayendera pamsewu. Nyali ya dziko loyendera kumanzere imaponya kuwala mokwera chakumanzere, ya loyendera kumanja chakumanja, ndipo mukasemphanitsa muziwalitsa m'maso mwa anzanu m'malo mwa m'mphepete mwa msewu. Malamulo nawonso amasiyana. Ku Germany, mwachitsanzo, kupala kapena kupopera nyali kumaonedwa ngati kusintha chipangizo chovomerezeka, ndipo galimoto ikhoza kukanidwa poyezedwa.

Mukamaliza, kaya mwakonza kaya mwasintha, dikirani kude. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mamita 7 kapena 8 kuchoka pakhoma, muyatse nyali zapansi. Muyenera kuona mzere wakuthwa pamene kuwala kukulekezera, mbali zonse ziwiri pa msinkhu wofanana, motsikirapo pang'ono poyerekeza ndi msinkhu wa nyalizo kuchoka pansi. Nyali yachikasu inkabisa kupendekeka kwake m'chifunga, tsopano yayera, ndipo ngati ikuloza m'mwamba ithobwa aliyense wobwera kutsogolo. Kumbuyo kwake kuli zomangira zosinthira, zipotozeni pang'onopang'ono mukuyang'ana mzerewo pakhoma. Potsuka galimoto kuyambira pano, nyali muzizitsuka ndi sopo wa galimoto ndi nsalu yofewa yonyowa, osazipukuta fumbi zili zouma, osazithira mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia. Ndipo poimika masana, mthunzi ukasowa, tembenuzani galimoto kuti dzuwa liziwomba kumbuyo.